MASOMPHENYA A WILLY BRANDT NDI MTEDZA WA KU MCHINJI

Pa 12 February 1980, mumzinda wa New York, a Willy Brandt adapereka kwa mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, a Kurt Waldheim, lipoti limene iwo pamodzi ndi anzawo adakhala akulikonza kwa zaka ziwiri. Lipotilo, lotchedwa North-South: A Programme for Survival, lidali ndi mapu a dziko lonse pachikuto pake, ndipo pamapupo padadutsa mzere wolekanitsa maiko olemera a kumpoto ndi maiko osauka a kummwera. Mzerewo udachita kupindidwa chakummawa kuti Australia ndi New Zealand, ngakhale ali kummwera kwenikweni, awerengedwe pamodzi ndi olemera anzawo. Chigawo chonse cha kummwera ndi pakati pa Africa chidagwera kunsi kwa mzere.

Nkhani yotere ingaoneke yotalikirana ndi ntchito ya wofufuza za mbewu, amene tsiku lake limathera m'timinda toyesera, kuwerenga masamba odwala ndi kuyeza zokolola pasikelo. Komatu mtundu watsopano wa mbewu umatenga zaka khumi kapena kuposerapo kuti ufike m'manja mwa mlimi, ndipo ukafika, phindu lake silichokera m'nthaka mokha. Limagamulidwanso ndi mtengo wa pamsika ndi malamulo a malonda amene amalembedwa ku Brussels ndi ku Geneva. Mbiri ya mtedza wa ku Malawi ikuonetsa bwino pomwe masomphenya a Brandt adalondola ndi pomwe adaperewera.

Msika wokhala ndi malire

A Brandt adatsogolera boma la West Germany kuyambira 1969 kufikira 1974, ndipo adali mtsogoleri wa chipani cha Social Democratic cha dzikolo. Zipani za mtundu umenewu, monga Labour ya ku Britain ndi zinzake za ku Sweden, Norway ndi Netherlands, zidakulira m'mabungwe a anthu apantchito. Chikhulupiriro chawo nchakuti msika ukhalepo ndithu, anthu azigula ndi kugulitsa momasuka, koma msika wongosiyidwa pawokha umanenepetsa wonenepa kale. Choncho boma losankhidwa ndi anthu liyenera kuuikira malire: malipiro amene bwana sangatsike kupitirira pamenepo, msonkho wokulirapo kwa opeza bwino, sukulu ndi zipatala za aliyense. Kwawo zimenezi zidatheka, ndipo mwana wa munthu wa mumgodi adayamba kufika kuyunivesite. Funso la a Brandt lidali lakuti, ngati nkotheka kutero mkati mwa dziko limodzi, nchiyani chingaletse kutero pakati pa maiko?

M'gulu lokonza lipotilo mudali a Olof Palme a ku Sweden, a Edward Heath amene adalamulirapo Britain kuchokera kuchipani cha Conservative, a Shridath Ramphal mlembi wamkulu wa Commonwealth, ndi a Amir Jamal amene adakhala nduna ya zachuma ku Tanzania kwa zaka zambiri. Mfundo yawo yaikulu siidali ya chifundo ayi. Iwo adati olemera athandize osauka podzithandiza okha, pakuti mlimi amene wagulitsa bwino ndiye adzagule njinga, feteleza ndi malata, pamene dziko lanjala ndi la ngongole limabala nkhondo ndi othawa kwawo. Ndi nzeru yomwe ija ya akuluakulu yakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Adapempha kuti maiko olemera azipereka 0.7 peresenti ya chuma chimene amapeza pachaka kuthandizira chitukuko pofika 1985, monga momwe United Nations idagwirizanirana mu 1970, ndi kuti chiwerengerocho chifike pa 1 peresenti pofika chaka cha 2000. Adafunanso kuti mitengo ya zokolola isamakwere ndi kugwa mwachisawawa, kuti misonkho yotsekereza katundu wokonzedwa kale kumaiko osauka ichotsedwe, ndiponso kuti ndalama zambiri zipite ku ulimi wa chakudya ndi kafukufuku wake.

Zina mwa izi zidali zitayamba kale. Pangano la Lomé la 1975, pakati pa maiko a kumadzulo kwa Ulaya ndi maiko 46 a mu Africa, Caribbean ndi Pacific, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, lidakhazikitsa thumba lotchedwa Stabex. Ndalama zimene dziko limapeza pa mbewu monga mtedza, thonje, khofi kapena tiyi zikatsika, thumbalo linkapereka zokwaniritsira. Sweden, Netherlands, Norway ndi Denmark adafika pa mlingo wa 0.7 peresenti zaka za m'ma 1970 zisanathe.

Mphepo idasintha

Lipotilo lidapempha msonkhano wa atsogoleri, ndipo udachitikadi ku Cancun, m'dziko la Mexico, mu October 1981. Maiko 22 adatumiza nthumwi. A Julius Nyerere adakhala pagome limodzi ndi a Ronald Reagan ndi mayi Margaret Thatcher. Adabalalika opanda pangano lomangirira aliyense. Chaka chomwecho World Bank idatulutsa lipoti la a Elliot Berg, limene lidati vuto la Africa lili m'maboma ake olowerera kwambiri pamsika, ndipo chaka chomwechonso Malawi idalandira ngongole yake yoyamba yosinthira kayendetsedwe ka chuma. Mapangano oteteza mitengo adayamba kugwa limodzi ndi limodzi. Mu July 1989 dongosolo la maiko logawana mlingo wa khofi wogulitsa kunja lidatha, ndipo mitengo idagwa koopsa m'miyezi yochepa. Stabex nayo idathera pa pangano la Cotonou la chaka cha 2000.

Ulimi ndiwo udapwetekeka kwambiri. Malinga ndi World Bank yomweyo, gawo la thandizo la maiko lopita ku ulimi lidatsika kuchoka pa 18 peresenti mu 1979 kufika pa 3.5 peresenti mu 2004. Amene adagwira ntchito m'malo a kafukufuku m'zaka zimenezo akukumbukira magalimoto ogona pamiyala chifukwa chosowa matayala, ndi mbewu zosungidwa zikufa m'mafiriji osakonzedwa.

Koma pofuna kunena chilungamo, a Berg sadaname pa zonse, ndipo apa mpamene masomphenya a Brandt adali ndi chilema. Iwo ankalankhula za maiko ngati kuti dziko ndi munthu mmodzi, kuti ndalama ikafika kulikulu yafikanso kumudzi. Ku Malawi sizidali choncho. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la ADMARC linkagula mtedza, thonje ndi fodya kwa alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa kunja, ndipo phindu lalikulu linkapita kukakuza maesiteti. Mtengo wabwino wa ku London ukadatha kutetezedwa ndi mapangano khumi, mayi wa ku Mchinji osaulawa konse.

Chizindikiro papaketi

Maboma atalephera, anthu wamba adayesa njira yawo. Mu 1988, ku Netherlands, wansembe Frans van der Hoff ndi a Nico Roozen a bungwe la Solidaridad adayambitsa chizindikiro cha Max Havelaar pa khofi wa alimi ang'onoang'ono a ku Oaxaca m'dziko la Mexico. Mu 1997 mabungwe otere a m'maiko osiyanasiyana adalumikizana nakhazikitsa likulu lawo ku Bonn, ndipo ndiwo akuyendetsa chizindikiro cha Fairtrade. Kayendetsedwe kake nkosavuta kumva. Wogula amalonjeza mtengo umene sungatsike kupitirira mlingo wogwirizana ngakhale msika ugwe, ndipo pamwamba pake amawonjezera kandalama kena kamene gulu la alimi limagamula lokha chochita nako. Tingati ndi Stabex yaing'ono, yolipiridwa ndi mayi wogula m'sitolo ku Leeds m'malo mwa nduna ya zachuma, koma yodutsa boma nkufika kwa mlimi.

Njirayi idafika ku Malawi kudzera mu shuga, tiyi ndi mtedza. Pa mtedza mpamene pali phunziro lalikulu.

Chalimbana, CG7 ndi chuku

M'zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa 1980, mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu ndi wokoma pokazinga, unkafunidwa kwambiri ku Ulaya, makamaka ku Britain. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 malondawo adali atatsala pang'ono kuferatu. Zifukwa zidali zingapo. Mitengo yotsika idagwetsa alimi ulesi. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu nkumazungulira mpaka ku Durban. Msika wa zokolola utatsegulidwa kwa ogula wamba mu 1987, kusankha mtedza m'magiredi kudalekeka, chifukwa wogula wa sikelo yopachika pamtengo amangofuna kulemera kwa thumba. Nthawi yomweyo China, Argentina ndi United States adali atagwira msika ndi mtedza wofanana kukula ndi wofika panthawi yake.

Ofufuza adachita mbali yawo. Bungwe la ICRISAT lidayamba ntchito ya mtedza ya chigawo chino ku Chitedze mu 1982, mothandizidwa ndi ndalama za maiko akunja. Mu 1990 mudatuluka CG7, mtedza wofiira wobereka kwambiri, umene ku Zambia umadziwika kuti MGV4. M'chaka cha 2000 mudatuluka Nsinjiro, wopirira ku matenda a kadukutu amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndipo adasakaza minda ya m'chigawo cha pakati cha Malawi ndi kummawa kwa Zambia chapakati pa zaka za m'ma 1990. Zimenezi ndi zipatso zenizeni za thandizo la mtundu umene a Brandt ankapempha, ndipo zikudyedwabe m'midzi.

Kumbali ya misonkho nako khomo lidatseguka. Kuyambira 2001, European Union idalola katundu wa maiko osaukitsitsa, monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, kulowa popanda msonkho kupatula zida za nkhondo. Shuga, mpunga ndi nthochi zidatsatira pang'onopang'ono. Mbewu yabwino idalipo, msonkho padalibe. Chotchinga chidatsala chidali chosaoneka ndi maso.

Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimakhala m'nthaka ya maiko otentha. Chimalowa m'makoko a mtedza pamene mvula yadula masabata omaliza mbewu isanakhwime, pamene chiswe chaboola makoko, kapena pamene mtedza wachedwa kukumbidwa. Chimakula msanga mtedza ukayanikidwa padothi, ukasungidwa usanaumitsitse, ndiponso makamaka ukawazidwa madzi kuti makoko afewe posenda, chizolowezi chimene chimapulumutsa zala koma chimawononga mtedza. Chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kukazinga kapena kuphika. Adadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kwa munthu amayambitsa khansa ya m'chiwindi, ndipo ngoziyo imakula kowirikiza kwa amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene nkofala mu Africa muno kuposa ku Ulaya. Akachuluka amapha msanga: mu 2004 anthu 125 adamwalira kummawa kwa Kenya atadya chimanga choipitsidwa.

Mu 1998 European Union idaika malire amodzi kwa maiko ake onse: mtedza wopita pakamwa pa munthu usapitirire mamaikulogalamu 4 a poizoniyu pa kilogalamu. Kuti owerenga aone kuchepa kwake, zili ngati kasupuni kamodzi ka shuga komwazidwa m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Mu 2001 ofufuza a ku World Bank adawerengera kuti malire okhwima chotere, poyerekeza ndi a bungwe la Codex, akadatayitsa maiko 9 a mu Africa malonda a madola 670 miliyoni, pofuna kupulumutsa anthu osakwana awiri pa anthu 1 biliyoni chaka chilichonse. Chiwerengerochi chidatchuka m'misonkhano. Koma mu 2008 ofufuza ena a bungwe lomwelo adaonetsa kuti malonda a mtedza wa mu Africa ku Ulaya adali atagwa kale malirewo asanabwere, ndi kuti maiko ngati Argentina adawagwiritsa ntchito pokonza kalimidwe ndi kasankhidwe kawo nalanda msika. Mbiri ya Chalimbana ikugwirizana ndi ofufuza achiwiriwa. Dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza anthu ake ku poizoni, ndipo kulirira kuti Ulaya afewetse malire ndi kulirira chinthu cholakwika.

Ku Mchinji adayesa njira ina. Gulu la alimi la MASFA, limene lili pansi pa NASFAM, lidalandira chizindikiro cha Fairtrade mu 2004 mothandizana ndi bungwe la Twin la ku London. ICRISAT idabweretsa njira yotsika mtengo yoyezera poizoni, kotero kuti thumba loipa linkatha kudziwika ndi kutsatidwa kumene lachokera lisanakwere sitima. Alimi adaphunzira kuumitsa mtedza poumika m'milu yolowa mphepo, makoko atatalikirana ndi dothi. Mtedza wa ku Malawi udaonekanso m'masitolo a ku Britain, ndipo mu 2007 padakhazikitsidwa kampani ya Liberation Foods, imene magulu a alimi a ku Malawi, Mozambique, India ndi Latin America adakhala ndi gawo la umwini wake. Ndalama yowonjezera ija idamanga, mwa zina, nyumba yogona odikirira odwala pachipatala cha boma cha Mchinji. Amene adagonapo pakhonde la chipatala nthawi ya dzinja sangachepetse ntchito imeneyi.

Ngakhale zili choncho, kukula kwake kuyenera kunenedwa moona. Alimi olowa m'dongosololi adali ochepa poyerekeza ndi onse olima mtedza, ndipo magulu ambiri a Fairtrade amagulitsa gawo chabe la zokolola zawo pamtengo wotetezedwa. Kafukufuku wa sukulu ya SOAS ya ku London, wotuluka mu 2014, adapeza kuti ku Ethiopia ndi Uganda aganyu a m'madera a Fairtrade sankalipidwa bwino kuposa anzawo a kwina. Mabungwe otsogolera nawo adafooka: Twin idatseka mu 2019, ndipo kampani ya Traidcraft idagwa mu 2023. Mtedza wambiri wa ku Malawi wogulitsidwa kunja udapitirira kulowera kumisika ya maiko oyandikana nawo, kumene kuyeza nkosowa.

Wotsala palichero

Pali chinthu chimodzi chimene mapangano a malonda sachitchula. Poizoniyu sakhala mofanana m'thumba lonse; maso ochepa chabe, onyala, osweka kapena osintha mtundu, ndiwo amasenza gawo lalikulu. Nchifukwa chake kusankha ndi manja kumathandiza kwambiri. Koma nanga wosankhulidwayo amapita kuti? Satayidwa ayi. Banja limene lalima ndi thukuta silingataye chakudya. Amasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la mwana, kapena amagulitsidwa motchipa kwa opanga chiponde cha pamsika. Kotero kusankha kumene kumayeretsa mtedza wopita ku Ulaya kumaunjika poizoni m'mbale ya kumudzi, ndipo wogula wakunja akakhwimitsa malire, wotsala palichero amachuluka. Izi zikuchitika m'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ngopinimbira. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, koma ofufuza ku Benin ndi Togo adapeza kuti ana opinimbira kwambiri ndiwo adalinso ndi poizoniyu wochuluka m'magazi.

Apa mpamene ganizo la a Brandt liyenera kuyesedwera. Kwawo, zipani zawo sizidavomere kuti nyama yoyezedwa ikhale ya olemera, yowola ipite kwa amumgodi. Zidafuna lamulo limodzi kwa onse. Malonda achilungamo pakati pa maiko akadatanthauza chimodzimodzi: woika malire athandizenso kulipira zimene zingachititse kuti mtedza wonse ukhale wabwino, wopita kunja ndi wotsala womwe. Zofunikazo nzodziwika. Mitundu yokhwima msanga imathawa chilala cha kumapeto kwa nyengo. Bungwe la IITA lidapanga Aflasafe, chuku cha mtundu womwewo koma chosatulutsa poizoni, chimene chikamwazidwa m'munda chimalanda malo a choipacho. Pakufunika alangizi, makina osendera kuti madzi asawazidwenso, nkhokwe zouma ndi malo oyezera ovomerezeka. Zonsezi ndi ntchito za boma ndi za zaka zambiri, zimene kandalama ka papaketi sikangazikwanitse.

Kuti malamulo a malonda amatha kusintha, thonje ndi mboni. Mu 2003 Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali adadandaula ku World Trade Organization za ndalama zimene United States inkapatsa alimi ake a thonje, zimene zinkagwetsa mtengo padziko lonse. Brazil idasumira nkhani yomweyo nipambana, koma mapeto ake United States idasankha kulipira Brazil madola 147 miliyoni pachaka kuyambira 2010, kenaka madola 300 miliyoni otsekera mlandu mu 2014. Maiko anayi aja sadalandireko. Komabe mu December 2015, ku Nairobi, maiko adagwirizana kuthetsa ndalama zothandizira kugulitsa zokolola kunja, chinthu chimene zaka makumi awiri m'mbuyomo chinkaoneka chosatheka.

Kumbali ya thandizo zinthu zabwerera m'mbuyo. Britain idafika pa 0.7 peresenti mu 2013, niika mlingowo m'lamulo mu 2015, nitsika kufika pa 0.5 mu 2021. Mu February 2025 boma la Labour la a Keir Starmer lidalengeza kuti litsitsanso kufika pa 0.3 peresenti pofika 2027 kuti ndalamazo zipite ku chitetezo, ndipo nduna yoona za chitukuko, mayi Anneliese Dodds, adatula pansi udindo. Ichi nchipani chomwe chija chidakhazikitsa unduna wa chitukuko cha maiko akunja mu 1964. Sweden, kwawo kwa a Palme, boma latsopano la 2022 lidasiya mlingo wa 1 peresenti, ndipo mu 2025 United States idatseka bungwe la USAID. Maboma a mu Africa nawo ali ndi lonjezo lawo la ku Maputo la 2003, loika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, limene ochepa okha adalikwaniritsa. Ndipo kumene lidakwaniritsidwa, monga ku Malawi, gawo lalikulu lidapita ku feteleza wotsika mtengo, kafukufuku ndi ulangizi nkutsala ndi nyenyeswa.

Pa mtedza wotsala palichero njira ilipo ndithu. Ukhoza kufinyidwa mafuta, pakuti kuyenga bwino m'fakitale kumachotsa pafupifupi poizoni yense m'mafutamo. Zotsalira zake siziyenera kupatsidwa ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoniyo amadutsira mumkaka, koma zikhoza kubwerera kumunda ngati manyowa. Chovuta ndi mtengo. Mayi wa ku Mchinji adzapereka mtedza wosankhulidwawo kufakitale pokhapokha mtengo wake utaposa wa wopanga chiponde wa pamsika, ndiponso utamukwanira kugula mtedza wabwino wothira m'phala la mwana. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi ndalama zochepa pa kilogalamu, ndipo mtengo wa Fairtrade umalipira mtedza wokwera sitima wokha.